Masamba a Pakhomo pa Mai Dainess

Tiyambe ndi uthenga wachisoni. Bambo Sabiti a ku Magomero akudziwitsa abale ndi abwenzi ku Mpama ndi ku Limbe kuti mlongo wawo, mai Dainess a kuseri kwa msika wa Namitambo, atisiya. Iwo amva kwa wakabaza amene anaona masamba atayalidwa mumsewu mpaka pakhomo pa malemuwo. Za tsiku loika maliro, akuti nawonso akufunsa. Chilengezochi chachokera kwa bambo Sabiti.

Chachiwiri. Pepani, chikukhudza mai omwewo. Doreen, mwana wa mai Dainess, akudziwitsa onse kuti mayi ake ali moyo, ali kuchipatala kudikirira mdzukulu wodwala. Amene anabweretsa ufa ndi nkhuni Lachiwiri akatenge, ndipo akwaya asiye kuyeserera. Chilengezochi chachokera kwa Doreen.

Bambo Vitalis, wapampando wa komiti ya anthu okhala kuseri kwa msika, akupepesa. Akuti masamba aja anayala ndi iwo, penti atasowa, pofuna kuonetsa modzadutsa msewu wa msika watsopano, kuti pamsonkhano wa Lachiwiri aliyense anene maganizo ake ataona ndi maso. Iwo anapita kukabwereka mipando kusukulu, pobwera anapeza msonkhano watha, amayi akusisima. Chilengezochi chachokera kwa bambo Vitalis.

Akuluakulu okonza mapulani a msika watsopano akuthokoza anthu a kuseri kwa msika pobwera mwaunyinji. Akuti sanaonepo msonkhano waulemu chonchi: abambo zipewa m'manja, amayi pansi, onse zii. Atafunsa ngati alipo wotsutsa, palibe anadzutsa mutu. Choncho pulani yavomerezedwa, ndipo nyumba yoyamba kugwetsedwa Lolemba ndi ija panachitikira msonkhano. Chilengezochi chachokera ku ofesi ya mapulani.

Koma abale, pamaliro munthu angatsutse bwanji mlendo akulankhula? Ine ndingowerenga.

Chomaliza. Mai Dainess akudziwitsa oyandikana nawo kuti amva zonse. Nyumbayo anaumba okha njerwa zake amuna awo atamwalira, ndipo kwina kopita ndi mdzukulu akatuluka m'chipatala kulibe. Sakudziwa kuti anavomera ndani, poti iwo sanafunsidwe. Lolemba adzakhala pakhonde pawo. Akupempha onse amene anabwera kudzawalira kuti abwerenso, koma ulendo uno adzalankhule.

Chilengezochi chachokera kwa mai Dainess, eni nyumba, amoyo.