Nyimbo Imene Ndinaimbira Mwana wa Chinjira Wanga

Lachinayi lapitali, dzuwa lili pamutu, ine ndili m'munda ndikuthyola nandolo, ndinangomva belu la njinga ngiri ngiri kunjira. Kucheuka, ndi a Luwisi, mlongo wake wa a Elube, thukuta lili kamukamu.

"Mayi Filesi! Achemwali akuti mawa mubwere ndi lichero lanu. Nandolo wawo wauma, alibe wopeta naye."

Ine ndikuti, "Achemwali anu ati?"

Iwo akuti, "Kodi ndili nawo angati? A Elube!"

Abale, dengu linandipulumuka. Nandolo yense mbwee pansi. Ndinagwada pomwepo pa mzere, ndinalira, ndinaseka, ndinaluluta, mpaka a Luwisi anatsika panjinga kuganiza kuti nkhalamba yazungulira mutu.

Ii, taonani, ndayamba nkhani osapereka moni. Abusa, ndakuonani. Akulu a mpingo, ndakuonani. Amayi anzanga, abambo, ana anga nonse, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndaimirira kuti ndichitire umboni. Kusukulu ndinangosuzumira pakhomo, ndiye mundipirire ndikamapita uku ndi uku. Ndipo zimene ndinene pano ndayamba ndapempha kwa eni ake, andilola.

Ana a masiku ano mukudabwa kuti kuitanidwa kokapeta nandolo n'chiyani kuti munthu alire. Dikirani ndikuuzeni a Elube ndi ndani. Ndi awo akhala apowo, a duku loyerawo. Amenewo ndi chinjira wanga, mnzanga wapamtima. Tinakulira limodzi, tinavinidwa limodzi, tinabatizidwa tsiku limodzi. Tili atsikana tinkakwera Michesi kukatola nkhuni, nthawi imeneyo mitengo ili thoo, osati lero phiri lili mbee ngati mutu wometa. Ine ndinkayambitsa nyimbo, Elube ankayankha ndi mawu ake aakulu aja. Ine pamwamba, iye pansi. Ine pamwamba, iye pansi. Anthu olima kumunsi ankaimika makasu n'kumati, "Awo ndi ana awiri aja akutsika." Mtolo wanga ukalemera, ankandisenzetsa ndi iye. Nkhata yake ikamasuka, ndinkapinda ndine. Tikafika kwawo tinkapeza nyemba za kalongonda zili pamoto chiyambire m'mawa, ife n'kumadikira tikukukuta makaka, chinangwa chouma chija. Ha, masiku amenewo! Tinalibe nsapato, tinalibe sopo, koma tinali ndi wina ndi mnzake.

Elube atabereka mwana wake wamkazi, Rozina, ndinali pomwepo. Ndinamusambitsa ndine. Ndinamubereka kumsana kwangaku, wandikodzera kosawerengeka. Anakula mwana wanzeru, anaphunzira, anakwatiwa bwinobwino ndi a Felikisi. Koma zaka zinapita, mphatso ya mwana osaoneka. Tsiku lina tikupeta nandolo pakhonde, Elube anaika lichero pansi n'kundiuza akulira. Anandiuza zonse, zipatala zimene anayenda, mapemphero amene anasala nawo kudya, mawu amene achibale a mwamuna ankalankhula. Anati, "Filesi, izi ndauza iwe ndi Mulungu basi." Ine ndinati, "Zafera mwa ine."

Zafera mwa ine. Ndinatero ine, ndi pakamwa pomwe pano.

Tsono zandale. Ife kuvina pamisonkhano tinayamba kale, chipani chili chimodzi, chitenje chimodzi, Elube apa ine apa. Zipani zitachuluka tinakondwera, tinati tsopano munthu azisankha yekha. Ndipo n'zabwinodi. Koma chisankho china chitayandikira, Rozina anati akufuna kuimira ukhansala. Anati amayi akuvutika ndi madzi, mlatho wa kumtsinje unapita ndi madzi osefukira, ana akulephera kuwoloka popita kusukulu. Anaimira chipani china, ine ndili ku china.

Anabwera kwathu anyamata a bambo amene ankapikisana naye. Anabwera ndi chitenje chatsopano, cha nkhope ya bwana wawo, ndi mawu okoma ngati uchi. "Agogo, dera lonse lino woyambitsa nyimbo ndinu. Mtsikana uja akutivuta, amayi akumukonda. Tipezereni nyimbo yoti imugwetse."

Abale anga, sindinamizira Satana yekha. Sanandikakamize munthu. Chimene chinandigwira ndi mawu aja akuti dera lonse woyambitsa nyimbo ndinu. Mutu unakula. Ndinafufuza mumtima mwanga chimene chingabaye kwambiri, ndipo ndinachipeza pomwe mnzanga anachisungitsa.

Sindiimba m'nyumba ya Mulungu muno. Ndingonena mawu ake kamodzi, kenako asadzamvekenso:

Mtengo wouma, mtengo wouma,
kumsana kulibe mwana,
mudzi aubereka bwanji?

Mukuidziwa. Musaweramitse mitu, ambiri munaimba nawo. Koma amene anaipeka ndine.

Tsiku la msonkhano, pabwalo la mpira, anandipatsa chimkuzamawu. Ndinaiyambitsa, ng'oma inagwira, amayi anailandira, fumbi kobo! Ine ndikumva kukoma. Pofika Lamulungu inali itafika ku Nkhulambe. Ana ankaimba popita kusukulu. Okwera njinga ankaimba ndi likhweru. Rozina akaima kuti alankhule za mlatho, anyamata kumbuyo ankangoyamba, "Mtengo wouma," anthu n'kuseka. Za mlatho sanamvenso munthu.

Rozina anagwa pachisankho. Patapita mwezi iye ndi mwamuna wake anasamukira ku Limbe. Bambo ndinawaimbira aja anapambana, ndipo chipambanire ndinawaona kamodzi, akudutsa panjinga yamoto. Ndinakweza dzanja. Anandipatsa fumbi.

Elube sanandikalipire. Bola akanandikalipira! Anangosamuka pa benchi yathu, imene tinakhalapo limodzi chimangire tchalitchi chino, n'kukakhala mbali iyo. Ku mjigo ndikafika, iye ankasenza ndowa yosadzaza n'kumapita. Ndikati, "Mwadzuka bwanji a Elube?" ankayang'ana phiri. Zaka zisanu, abale. Zaka zisanu ndikupeta nandolo ndekha. Zaka zisanu ndikuyambitsa nyimbo muno, kudikira mawu aakulu aja kuti andiyankhe, ayi ndithu, zii. Ndipo ndinkadya mgonero. Abusa, mundikhululukire, ndinkadya. Ndinkadziuza kuti zija zinali zandale, za Mulungu n'zina. Ndinkaganiza kuti munthu ali ndi pakamwa pawiri, pa Lamulungu ndi pa msonkhano.

Mulungu ndi woleza, koma sagona. Ndili ndi mdzukulu wanga Chisomo, amene anatengedwa kukakhala kwa mwamuna wake ku Nkhulambe. Zaka zitatu m'banja, naye mphatso sinabwere. Chaka chino, chimanga chitangocha, ndinangomuona akubwera wapansi, kachikwama m'manja, maso ali psuu. Ndinamukhazika pamphasa.

"Wakumenya mwamuna?"

"Ayi agogo, iwo alibe vuto. Ndi alamu anga. Ndikamadutsa iwo akusinja, amayamba kanyimbo."

"Kanyimbo kanji?"

Anandiimbira. Mwana wa mwana wanga, misozi ili chuchuchu, anandiimbira nyimbo yanga yomwe. Mawu ake omwewo, osasintha ngakhale limodzi. Kenako anati, "Agogo, kodi munthu amene anapeka nyimbo imeneyi ali ndi mtima?"

Iye nthawi ya chisankho ija anali kwa bambo ake ku Zomba, sankadziwa. Ndinamugwira dzanja. Kenako ndinati, "Mwanawe, munthuyo ndi amene wakuyalira mphasayu."

M'mawa mwake ndinapita kwa Elube. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, kuopa maso a anthu. Ndinamupeza akusenda chinangwa. Ndinagwada.

"Elube, ndabwera kudzapepesa."

Sanaleke kusenda. Anati, "Mwadzera kuti?"

"Kuseri kuno."

"N'chifukwa chake sindinakuoneni. Paja poimba munadzeranso kuseri?"

Elube anatenga chinangwa china.

Anati, "Mayi, mwana wanga munamuvula pabwalo, anthu ali bii, chimkuzamawu chili m'manja. Lero mukufuna kumuveka kuseri kwa nyumba, mboni zake nkhuku? Dzukani, mawondo angakupwetekeni."

Ndinabwerera ndikulira, koma ndikudziwa kuti sanalakwe. Amenewo anali mawu a Mulungu, anangobwereka pakamwa pa Elube.

Ndiye taonani mmene Ambuye amakonzera zinthu. Chisankho china chinayandikira, anyamata aja anabweranso, chitenje china m'manja. "Agogo, mwakonzeka? Ulendo uno tikulimbana ndi mphunzitsi wopuma uja. Akuti amamwa. Mutipangire yoposa ija." Ndinati, "Ndibwera." Sindinaname, ndinapitadi. Koma chitenje chawo ndinachipinda n'kuchiika m'thumba, ndinavala changa chakale cha kumunda.

Bwalo lomwe lija. Anthu ochuluka kuposa kale. Ndinati, Yesu, munandipatsa mawuwa ndinu, ndinakawagwiritsa ntchito yonyansa, lero ndigwireni dzanja. Anandipatsa chimkuzamawu. Woimba ng'oma anakonzeka. Ine ndinayamba:

Ndine ndinalakwa, anthuni, ndine,
chinsinsi cha mnzanga ndinagula nacho chitenje.
Rozina si mtengo, Rozina ndi munthu,
ndinamubereka ndine kumsana kuno.
Amene aimbenso nyimbo ija,
akutukwana mwana wanga.

Ng'oma inagunda kawiri n'kusiya. Amayi ovina anaima, mikono ili m'mwamba. Ndinabwerezanso. Kachitatu sindinamalize, mnyamata wina anandilanda chimkuzamawu. Wina anakuwa, "Agogo agulidwa!" Wina, "Akalamba awa, apite akagone!" Ndinatulutsa chitenje chawo, ndinachiika patebulo pamaso pa akuluakulu, ndinati, "Katundu wanu uyu. Voti yanga ndikaponya, koma pakamwa panga ndabweza kwa mwini wake." Ndinatuluka pabwalo ndekha. Palibe ananditsatira.

Ndinkaganiza kuti mawa lake Elube abwera. Sanabwere. Sabata inatha. Mwezi unatha. Chisankho chinachitika, chinadutsa. Muno m'tchalitchi anali mbali yomwe ija. Ndinati, basi Ambuye, mwina ndidzafa osamvanso mawu ake, koma zikomo kuti mwanditula mtolo. Mpaka Lachinayi lija, belu la njinga ya a Luwisi.

Lachisanu ndinalawira, lichero pamutu. Ndinadzera kumaso, abale, kumaso kwa nyumba! Ndinamupeza wayala kale mphasa ziwiri. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati, "Mosheliwa, Filesi." Moni wa makolo athu, umene tinkapatsana tili atsikana. Anati, "Iwe, wakalamba bwanji! Mano aja apita kuti?" Ndinati, "Anatsatira ako." Tinaseka, tinagwirana, tinalira ngati pamaliro.

Ndili chomwecho, chitseko chinatseguka, anatuluka Rozina. Anali atabwera dzulo lake kuchokera ku Limbe. Elube anati, "Ndinkadikira mwini wake. Ine sindikanakhululuka ngongole ya wina." Ndinafuna kugwada, Rozina anandigwira mapewa.

Anati, "Amayi, sindikunamizani. Nyimbo yanu inandidwalitsa. Chaka chathunthu sindinkafuna kutuluka m'nyumba. Mwana mpaka lero ndilibe, ndipo mlatho uja mpaka lero palibe. Koma ndinamva zimene munachita pabwalo, anthu anandiimbira foni. Ndakukhululukirani. Za Chisomo ndamvanso, mumuuze abwere adzacheze nane, ndili ndi mawu oti ndimuuze."

Ndinati, "Mwanangu, ukadzaimanso, ndidzakupekera nyimbo yokoma, dera lonse lidzagwedezeka."

Anaseka. Anati, "Ayi amayi, pepani. Ine musadzandiimbirenso, yoipa kaya yabwino. Mukadzafuna, mudzabwere mudzamve za mlatho, mudzafunse mafunso. Nyimbo kaimbireni Yesu."

Ndiye ndi zimene ndabwerera. Amayi anzanga ovina pamisonkhano, sindikukuletsani kusankha amene mukumufuna. Sankhani, dziko ndi lathu tonse. Koma amene waima mbali inayo ali ndi mayi wake, ndipo anamulenga ndi Mulungu yemweyu. Pakamwa ndi pamodzi, abale. Pamene pakudya mgonero ndi pomwepo pakuimba pabwalo.

Zikomo Yesu! Zikomo Yesu, simunalole kuti ndilowe m'manda ndi nyimbo ija pakhosi! Mpingo, ndithandizeni kukondwera, ine ndekha mtima ukundichepera. Amayi, nthungululu ili kuti?

Lachisanu lija nandolo sitinapete n'komwe, chifukwa mbiri itamveka anthu anadzaza pakhomo pa Elube, thobwa linachita kuperewera. Ndikufuna ndiwatchule, ndipo amene ali muno aimirire. A Luwisi anabwera, ndi akazi awo a Benadeta. A Dorofe anasiya ndowa ku mjigo n'kuthamanga. A Esinati anabwera ndi ndodo yawo, kuvina ndi mwendo umodzi. A Juliyana a kutsidya anawoloka mtsinje chitenje chili m'mawondo. A Mateyu oimba ng'oma anabwera. A Felikisi, amuna ake a Rozina, anabwera. Chisomo wanga, amene anali atabwerera kubanja, anabwera, ndi mwamuna wake a Yohane atamukweza panjinga. Rozina, imirira mwanangu, akuone. Ndi iwe Elube, chinjira wanga, imirira, Elube!