Khadi Yatsopano ya Paison

Paison wa ku Kapata anathyoka mkono atagwa pa njinga yamoto, tsiku lomwe anagula khadi ya zithunzi ndi pawa sapulai zoti aike mu kompyuta yake yamasewera. Mpikisano wa mpira wa pakompyuta unali Loweruka fotini awazi, 2 koloko masana, ndipo poti iye sakhulupirira okonza makompyuta, anapempha mlamu wake Gabrieli, mlimi wa thonje wa ku Kasenengwa, kuti akhale manja ake.

"Tsegulani kompyuta, alamu," anatero Paison, Lowerukalo litafika.

Gabrieli anadina batani. Timagetsi tofiira tinayaka.

"Iyayi! Zimitsani! Ndati tsegulani!"

"Nditsegule kapena ndizimitse? Wailesi yanga sichita zonse ziwiri nthawi imodzi."

"Chivundikiro chakumbaliko! Masulani masikuluwo. Eya. Tsopano tulutsani khadi yakale."

Gabrieli anapisa m'thumba n'kutulutsa khadi ya kopaletivu, yothothoka m'makona.

"Yakale kwambiri ndi iyi. Musaseke chithunzicho, ndinali ndi malungo."

"Ya m'kompyuta, alamu! Iyo apo! Mukaichotsa muikepo yatsopanoyi."

Gabrieli ananyamula yatsopanoyo ndi manja awiri ngati mwana wobatizidwa. Anaitembenuza.

"Mwati ndi ya zithunzi? Ine ndikuona mafani atatu. Akuberani."

"Imatentha ikamagwira ntchito. Imadyanso magetsi ambiri, n'chifukwa chake tisintha ndi pawa sapulai. Yakaleyo siingathe kuidyetsa."

"Aaa! Imadya kwambiri, imatentha thupi, ifunika kuikupiza. Ng'ombe yotere ife timagulitsa msanga."

"Ingolowetsani!"

Gabrieli anayesa. Khadi inagunda chitsulo, mchira wake uli panja.

"Yatalika."

"Siinatalike."

"Ndiye bokosi lafupika."

"Bokosi limeneli ndinaligula lathunthu m'sitolo, lopangidwa ndi akatswiri! Kankhani!"

"Kunyumba kwa aneba ndaonako sowo. Tingoidulako fani imodzi, ziwiri zikwanira. Kuno kukuzizira kale."

Paison analumpha n'kugunditsa mkono wa pulasitala pa tebulo. "Mayo ine! Musaikhudze! Khadi imeneyo ilowa yamoyo. Ingochotsani chilichonse chimene chikutchinga."

"Chilichonse?"

"Chilichonse!"

Apo foni inalira. Anali anzake a mutimu, ndipo Paison anatuluka panja kukawatsimikizira kuti zonse zili bwino, akonzekere kunyamula chikho. Pobwera anapeza mbale zonse za mkazi wake zili ndandanda pansi. Mu beseni munali bolodi yaikulu ya kompyuta, mu sefa munali mawaya, mu kapu masikulu.

"Yalowa!" anatero Gabrieli akumwetulira.

Khadi inali gone m'bokosi lopanda kanthu, pambali pake pawa sapulai yatsopano.

"Mwachita chiyani?"

"Ndapalira. Chakudya chake ndachiika pafupi ndi mutu kuti isavutike."

"Nanga tiilumikiza ku chiyani? Bolodi ili mu beseni!"

"Imatchinga."

"Kwatsala ola limodzi, alamu! Ola limodzi!"

"Ndiye tipite nazo kwa okonza. Mbale ndinyamula ndine."

"Zosatheka! Okonza amaononga zinthu." Paison anawerama, mutu wonse m'bokosi, akupumira m'mwamba. "Timaliza tokha. Palibenso chotchinga, eti?"

Gabrieli anasuzumira kumanja, anasuzumira kumanzere, koma sanaone kanthu. Anapinda manja a malaya n'kumugwira Paison m'chiuno.

"Chatsala chimodzi, alamu. Koma inu simukwana mu beseni."