Mayi Sunga-imodzi ndi Nambala Yokana Kugawika

Anamfedwa, abusa, ndi nonse amene mwabwera pa zovutazi, ine ndinkagwira ntchito tebulo limodzi ndi malemu, ndipo banja landituma kuti ndinene za moyo wawo.

Amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Sunga-imodzi, monga tonse tinkawatchulira. Anabadwa m'chaka cha 1958 m'nyumba ya kuseri kwa siteshoni ya sitima, momwe bambo awo ankakonzeramo mawotchi. Dzinali analitola ku pulayimale. Mnzawo akamaphatikiza nambala pabolodi n'kuiwala imodzi ija timasunga pamwamba, iwo ankakuwa ali kumbuyo kwa kalasi kuti, "Sunga imodzi!" Aphunzitsi anawalanga, koma sizinathandize. Dzina linakakamira, khalidwe lomwe. Anapitiriza kusekondale mpaka kuyunivesite, komwe anaphunzira masamu.

M'chaka cha 1983 anakwatiwa ndi bambo telala ali apawa, omwe amanena okha kuti masamu awo amathera pa tepi yoyezera nsalu. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Ntchito yawo ambiri simunkaimvetsa, ndiye ndiloleni ndiifotokoze. Kompyuta imasunga nambala m'kabokosi kochepa. Nambala ikatalika n'kusefukira, kompyuta imangodula mbali ina n'kukupatsani yankho labodza, maso ali gwa. Malemu zimenezi zinkawanyansa. Choncho analemba nkhokwe ya timapulogalamu tophatikiza, tochotsera, tochulukitsa ndi togawa nambala yaitali bwanji, ngakhale yodzaza buku lathunthu, osataya kanambala n'kamodzi komwe. Nkhokweyi anaipereka mwaulere, ndipo lero ikugwira ntchito m'maiko omwe iwo sanapondeko.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kodabwitsa. Kapulogalamu kalikonse ankakatsatira kaye ndi pensulo papepala, mzere ndi mzere, asanakakhulupirire. Ife tinkawaseka kuti agula galimoto koma akuikankha. Iwo ankangoti makina amathamanga, koma sachita manyazi akanama.

Kutchalitchi ankaimba alito m'kwaya, ndipo otsogolera kwaya akudziwa zomwe zinkachitika akalumpha ndime.

Zaka zapitazi matenda a shuga anawalanda maso, kenaka anafika ku impso. Ali chigonere m'chipatala, kunabwera uthenga kuchokera kwa munthu wina wakutali wogwiritsa ntchito nkhokwe ija. Anati pali nambala ina yaitali imene kapulogalamu kogawa kakuiphonya: ukachulukitsa yankho kuti ubwerere kumbuyo, sufika pomwe unachokera. Anthuni, nkhokwe yonse inaima pa lonjezo limodzi, loti sinama. Bodza limodzi likanapha ntchito ya moyo wawo wonse, pakuti ndani akanaikhulupiriranso? Tinasakasaka cholakwikacho mpaka mitu kuwawa, osachipeza. Tinagwirizana zowabisira wodwalayo, koma bambowa sanawabisirepo kanthu akazi awo chikwatiranireni, ndipo sanafune kuyamba pa ukalamba.

Malemu atamva, anangopempha kuti awatsamiritse papilo. Anauza amuna awo kuti asindikize nambalayo ndi kapulogalamuko, aziwawerengera mokweza. Bambo anatseka shopu. Anakhala pampando pambali pa bedi, chala papepala, akuwerenga zinthu zomwe sankadziwa mutu wake, pang'onopang'ono ngati akusoka ndi manja. Mayi anali kugawa nambalayo m'mutu, milomo ikungogwedera. Akatopa ankagona, akadzuka ankayambira pomwe analekezera, osafunsa. Ine ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ndinachita mantha. Sindinadziwe kuti m'mutu wa munthu mungakwane zinthu zotere, thupi likutha.

Tsiku lina m'mawa anamveka akuseka mpaka kutsokomola, anamwino n'kuthamangira. Anali atachipeza. Mu mzere umodzi, umene analemba okha kalekale, munali malo ofunika kusunga imodzi, ndipo sanaisunge. Anauza amuna awo kuti, "Bambo a ana, kawauzeni anzanga a kuntchito kuti Sunga-imodzi anaiwala kusunga imodzi. Asabise dzina langa, alembe kuti ndine."

Tinakonza mzerewo, n'kulemba monga anatiuzira. Tinagawa nambala ija, n'kuchulukitsa yankho, ndipo inabwerera ndendende pomwe inachokera. Bambo atawauza, malemu anafunsa kawiri ngati tatsimikiza. Kenaka anati, "Basi, pindani mapepalawo. Tsopano mundiwerengere salimo." Bambo anatsegula Baibulo n'kuwerenga ndi mawu omwe aja. Asanafike kumapeto kwa salimolo, anaona kuti milomo yasiya kugwedera.

Malemu asiya mchimwene wawo mmodzi, ana aakazi awiri, mwana wamwamuna mmodzi ndi zidzukulu zisanu. Asiyanso amuna awo, amene anali maso awo mpaka tsiku lomaliza. Bambo, munandifunsa dzulo ngati munawerenga bwino manambala aja. Ndikuyankheni pamaso pa anthu onsewa: simunalumphe ngakhale imodzi.

Mayi athu agawa, atsiriza, ndipo atuta mapepala awo. Apumule mu mtendere.