Kankhupakupa Kamene Kanandipotoza Pakamwa

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Tsiku limene Mulungu anayamba kundimasula ku matenda opotoza pakamwa ndi otupitsa bondo, m'nyumba ya mwana wanga ku Nechells, mumzinda wa Birmingham, munali anthu awa: mwana wangayo Yohane, mkazi wake Esinati amene ndi nesi ku Walsgrave, abusa Chimphepo ndi mayi busa, Mayi Mulenga a ku Zambia amene ndi nesi ku Nuneaton, ndi ine mwini wake, Lufeyo Maseko wa ku Ntcheu. Ndawatchula onse kuti wokayika akawafunse.

Ndinabwera ku England kudzaona adzukulu. Nyengo yotentha itafika, mpingo wathu unapita kokayenda kunkhalango ya Cannock Chase, kumene kuli agwape ambiri. Anzanga ankandondozana m'njira ngati ana a sukulu, ine ndinalowa m'tchire nditavala kabudula, pakuti tchire ndi kwathu. Posamba ndinapeza kankhupakupa katandimata pantchafu, kakang'ono ngati njere ya mpiru. Ndinakatswanya ndi chikhadabo n'kuiwala. Ine amene ndakalamba ndikuzula nkhupakupa zonenepa ngati nzama m'makutu mwa ng'ombe zanga, ndikanaopa kameneko?

Pamalopo panatuluka chibanga chozungulira, chimene chinkakula. M'nyumbamo munali nesi, inde, koma ntchafu ya apongozi saonetsa mkazi wa mwana. Ndinangovala buluku n'kukhala chete.

Kenako thupi linaphwanya. Ndinati ndi malungo, koma kuchipatala chaching'ono chimene kuno amati kwa GP atayeza sanawapeze. Dokotala anafunsa ngati china chake chinandiluma, Yohane anamasulira, ine ndinakana. Kwathu choluma ndi galu, njoka kapena chinkhanira. M'mawa wina tiyi anayamba kundidontha m'mbali mwa kamwa. Pagalasi ndinaona nkhope yagwa mbali imodzi, diso likukana kutsinzina. Kuchipatala anati si sitiroko. Patapita miyezi bondo nalo linatupa ngati dzungu, ndinayamba kukwera masitepe chokwawa.

Koma chimene chinandilasa kuposa bondo ndi foni yochokera kumudzi. Mlongo wanga anandiuza kuti anthu akuti Yohane wandikhwimira, anandiitanira ku England kuti andipotoze pakamwa, iye alemere. Yohane, mwana amene amatuwa ndi kuyendetsa basi m'misewu ya Birmingham. Atamva zonsezo anasiya kudya nafe patebulo. Ine wopemphera mokuwa, nthawi imeneyo ndinapemphera monong'ona. Ndinati, Ambuye, kufa sindikukana, koma ndiwongoleni kaye pakamwa ndikaonekere kumudzi, mwana wanga asasenze dzina la mfiti.

Ndiye tsiku lija abusa anabwera kudzandipempherera. Titatha, tiyi ali pakati, Mayi Mulenga anayamba kundiputa. Iwo ndi Mbemba, ndipo Abemba ndi ife Angoni timanyozana ngati asuweni.

"Ambuya, Mngoni wathunthu kugwetsedwa ndi kamphepo ka ku Birmingham?"

Pakamwa panali popotoka koma sindikanawalekerera. "Mphepo yake iti? Dziko lino ndi la tinthu tonyentchera. Ngakhale nkhupakupa zake n'zomvetsa chisoni. Ina inandimata kunkhalango kuja, ndinachita kuvala magalasi kuti ndiione."

Abusa anaseka, Yohane anamwetulira, koma manesi awiri aja anayang'anana. Esinati anaika kapu pansi n'kugwada.

"Bambo, inakumatani pati?"

"Poti inu simungaone, mayi."

"Ine sindine mpongozi wanu," anatero Mayi Mulenga. "Nenani, madala. Panatuluka chibanga?"

Ndinavomera. Mukuona ntchito za Mulungu? Anatenga kudzitama kwanga komwe n'kukusandutsa khomo.

Mawa lake Esinati anakathamangitsa appointment yoonana ndi dokotala, kumeneko ananditenga magazi, ndipo matenda anapezeka. Dzina lake ndi Lyme. Nkhupakupa imasiya tizilombo m'magazi, ndipo tikachedwa kuphedwa timafika m'mitsempha ndi m'mawondo. Anandipatsa makapisozi otchedwa doxycycline. Anati ndizimwa ndi madzi ambiri ndili chikhalire, osaphatikiza ndi mkaka, osakhala padzuwa. Ndinamufunsa dokotala kuti dzuwa lake liti kuno, iye anaseka. Makapisozi aja ndinawamaliza onse, thupi linapepuka, ndinayamba kale kuuza anthu kuti ndachira.

Posakhalitsa bondo linatupanso. Abale, kugwa kachiwiri kumapweteka kuposa koyamba. Kumudzi anati si mwaona, za ufiti sizimva mapilitsi. Dokotala wa mafupa anapopa madzi m'bondomo, nati matenda ochedwa kupezeka nthawi zina safa ndi nkhondo imodzi. Anasintha mankhwala, tsopano a dilipi otchedwa ceftriaxone, olowera mumtsempha wa pamkono tsiku ndi tsiku pafupifupi mwezi wathunthu. Kutupa kunaphwa.

Kuwawa kokha kunatsala, ndiye ndinapita kukalamula kuti andiwonjezere dilipi ina. Dokotala anakana. Anati tizilombo tagonja, chatsala ndi chilonda cha nkhondo, ndipo mankhwala amphamvu chonchi ukawapitiriza popanda chifukwa amawononga m'mimba osachotsa ululuwo. Anandipatsa mapilitsi ochepetsa kutupa, nanditumiza kwa ophunzitsa kuwongola miyendo. Ndinatuluka ndikulalata mpaka pa car park. Lero ndikuti dokotala uja ankadziwa ntchito yake, ndipo Mulungu ankandiphunzitsa kudikira, sukulu imene sindinalowepo.

Ndinawongola mwendowo m'mawa uliwonse, ndikuluma mano. Diso linayamba kutsinzina. Tsiku lina ndili m'bafa ndinayesa likhweru limene ndimaitanira ng'ombe, ndipo linalira mpaka aneba achizungu anagogoda khoma. Lamulungu lotsatira ndinasiya ndodo kuseri kwa chitseko, ndinayenda ndekha mpaka kutsogolo kwa tchalitchi, ndinakana maikolofoni, n'kuyambitsa nyimbo. Mayi Mulenga analuluta ngati Mngoni.

Ndikuthokoza Yehova amene sanalole kuti kachilombo kosaoneka kanyazitse nyumba yanga. Ndikuthokoza mpongozi wanga, ndi Mbemba uja ngakhale ali wamwano. Inu amene mukudwala matenda okana kutha, musataye mtima mankhwala oyamba akalephera. Bwererani kwa dokotala, muuzeni zonse, ngakhale zimene mukuziyesa zopusa, ndipo musaleke kupemphera.

Titatuluka m'tchalitchi ndinauza Yohane kuti ndikafika ku Ntcheu ndikasonkhanitsa mudzi wonse, aliyense amene anamutchula mfiti ndikamutchule dzina pagulu. Iye anandigwira dzanja, nanena chapansipansi:

"Bambo, musakakangane ndi munthu. Mukakatsika basi mukayende nokha kudutsa pamsika, ndipo aliyense amene akakupatseni moni, mukamusekerere aone pakamwa panu."