Dzanja la Mtsogoleri

Mlembi wopuma pantchito analowa mwa wojambula zithunzi atakumbatira chithunzi cha kalasi yake ya ku yunivesite ija yotulutsa atsogoleri a dziko. Loweruka kunali kubwera makolo a mnyamata wofunsira mwana wake, anthu amene anali asanaonane nawo, koma anali atawatumizira kale mbiri yoti iye ndi Mtsogoleri anali pachibale pasukulupo.

"Mutiike pamodzi," anatero akuloza. "Ine ndi uyu."

Wojambula anawerenga ndi chala. "Pakati panu pali anthu khumi ndi awiri, achikulire."

"Achotseni."

"Ndiwaike kuti?"

"Kumene mumaika anthu osafunika."

"Koma onsewa anakhoza."

"Kukhoza n'chiyani? Analamulirapo dziko?"

"Nanga inu munalamulirapo?"

Mlembi anakonza tayi. Mafunso amtundu umenewu ankawayankha ndi tayi.

"Dulani basi."

Wojambula anatenga sizasi, kenako n'kuima. "Aa, pali vuto. Dzanja la Mtsogoleri lili paphewa pa watsitsi lambiriyu."

"Lisamutsireni paphewa panga."

"Silifika. Ndinu wamtali ngati mlongoti."

"Ndifupikitseni."

"Ndiyambire kumiyendo kapena kukhosi?"

"Kumiyendo, achimwene. Mutuwu ndi umene unapita ku yunivesite."

"Ndiye nsapato zikhala m'mawondo."

"Alendo sayang'ana nsapato za mnzake wa Mtsogoleri."

"Komanso iye akuseka, inu mwalunda. Zioneka ngati wakugwirani mukuba."

"Sikulunda kumeneko, ndinkaganiza. Pasukulu ija tinkaganiza ngakhale pojambulitsa."

"Chabwino. Nanga watsitsiyu?"

"M'tayeni. Sindimukumbukira n'komwe."

"Iyetu amakukumbukirani. Anabwera dzulo ndi chithunzi chomwechi, koma pano ndi wadazi. Akuti Loweruka akuperekeza mwana wake kukafunsira kwa mlembi wina wamtali, uja Mtsogoleri anatha zaka zinayi akumuyesa mlonda."

Mlembi anapapasa mpando n'kukhala. Anakonzanso tayi, koma ulendo uno tayiyo sinayankhe kanthu.

"Ndiye... ankafuna chiyani?"

"Kuti ndichotse Mtsogoleriyo, m'malo mwake ndiikemo inu. Akuti pakhoma pake amapachika abale okhaokha, ndipo asewere ndi m'bale." Wojambula analoza pansi pa tebulo ndi sizasi. "Mtsogoleri ali m'dengu la zinyalalamo, ngati mukumufunabe."