Dzina la Bambo pa Aluminiyamu

Mtendere wa Ambuye, abale ndi alongo. Akumbuyo mukundimva? Chabwino. Ndine Zakariya, uja anapita kukaphunzira ku inisitituto ku Tete n'kubwerako ndi chikwama chokha. Mpaka lero anthu amanditcha Dotolo. Ndimayankha.

Nthawi imene malonda a malasha anatentha ku Moatize, geti lililonse linkafuna pulaka, chikwangwani cha aluminiyamu. Ndinalowa ntchito kwa mesitiri Alberto, mmisiri wa mapulaka. Makina ankagoba zilembo ndi zizindikiro za makampani. Ine yanga inali kuthira penti m'mizere yogobedwayo ndi jekeseni, kudikira agwire, n'kupala wosefukirayo ndi katoni. Kuthira ndinkatha. Kupala ndinkatha. Koma kudikira, abale! Ukafulumira, katoni imazula penti yense. Ndikati ndiyanike panja ziume msanga, fumbi la malasha linkabwera kudzasaina. Zilembo zoyera zinkatuluka ngati phulusa.

“Dotolo,” ankatero mesitiri, “pampandopo pali minga?”

Maoda atachepa, woyamba kupumitsidwa munthu mukumudziwa.

Ndinabwerera kwa amayi ku Cateme, kumene a migodi anatisamutsira pamodzi ndi manda athu. Ndinkadzuka, kuzungulira nyumba, kukhala, kudzukanso. Tsiku lina amayi anati ndiwaperekeze kumanda a bambo. Thabwa la dzina chiswe chinali chitadya. Mtengo umene ankazindikirira, ootcha makala anali atadula. Mitumbira yonse yofanana! Amayi, maso atayamba kale kuchita nkhungu, anaima apa, anaima apo, kenako analoza.

“Ndi awa. Koma maso awa akatseka, mudzalimira manda a eni.”

Abale, nthabwala zinandithera.

Ndinakagwada kwa mesitiri. Anandigobera dzina la bambo pa kachidutswa kotsala. “Kamodzi komweka, Dotolo. Ukakaononga usabwerenso. Ndipo pentiyo usathirire kuno kufumbi.”

Ndinakwera shapa, kaminibasi kaja, mpaka kuno ku Zóbuè, kwa amalume. Fumbi kulibe, aleluya! Koma palibe anandiuza kuti kozizira ngati kuno penti sachedwa pang'ono kuuma. Mulungu amadziwa kulanga mwaulemu. Ndinathira. Ndinadontheza kadontho pambali koyesera. Ndikakakhudza, kakumata. Kutuluka, kulowa, kukhudza, kakumatabe. Dzanja linanyamula katoni lokha.

“Mphwanga,” anatero amalume, “bambo ako sakuthawa. Khalira manjawo.”

Ndinawakhalira, abale. Munthu wamkulu, wa ndevu, kukhalira manja pampando! Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse m'mbiri ya mpingo uno: Ambuye, ndigwireni. Anandigwira. Kadontho kaja katasiya kumata chala, ndinapala kamodzi, katoni itagona. Dzina linatuluka lakuda bii pachitsulo chowala, lopanda ndi kachitsotso komwe.

Tinakakhomera pakamtanda ka simenti. Amayi sawerenga. Anayendetsa chala m'mizeremo kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza, n'kufunsa, “Mvula sichotsa?” Ndinati penti angasuluke, koma mizere njogoba. Anati, “Basi, tiyeni kunyumba.”

Lero ndili ndi kashedi kuseri kwa msika. Mesitiri amagoba ku Moatize, amatumiza pa shapa, ine ndimathira kuno. Mapulaka a mashopu, a matchalitchi, a manda. Miyendo imagwederabe pansi pa tebulo, sindinama pamaso pa Mulungu, koma manja aphunzira.

Amayi tsopano saonanso. Mwezi wathawu adzukulu awo anapita okha kukalambula pamanda a agogo awo aamuna, ndipo sanafunse munthu njira.

Zikomo Yesu. Amen.