Chipolopolo Chotsalira mu Mfuti ya Don Eleuterio

Ine, Yesenia Marroquín Sandoval, wa zaka 24, wa m'mudzi wa El Amatillo ku Jutiapa, mlangizi wa ziweto amene ndinamaliza digiri yanga ya uinjiniya wa za ziweto chaka chatha, ndikunena izi:

Kwathu kuno munthu satsutsa bambo ake a ubatizo, ndipo mfuti imene wamkulu wanena kuti ilibe kanthu saisuzumira. Ndafunsapo anthu ambiri chifukwa chake, palibe anandiyankha. Lembani zimenezo poyamba, chifukwa nkhani yonse yachokera pamenepo.

Ntchito yanga ndimayenda ndekha pa njinga yamoto m'makola a ng'ombe, ena ali pa mtunda wa makilomita 30. Mu Febuluwale ndinakumana kawiri ndi anthu osawadziwa atatchinga msewu. Ndinachita maphunziro a kagwiridwe ka mfuti masiku atatu, kenaka ndinayamba kufunafuna pisitolo yogwiritsidwapo kale ntchito. Bambo anga a ubatizo, don Eleuterio Orellana, omwe ndi wapampando wa bungwe la alimi a ng'ombe, anati andigulitsa yawo.

Loweruka pa 9 Marichi 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ndinafika kunyumba kwawo ndi bambo anga ondibereka, a Rigoberto Marroquín. Tinakhala pakhonde atatu. Akazi a don Eleuterio, doña Chabela, anali m'khitchini kufinya tchizi. Don Eleuterio anatulutsa pisitolo yakuda ya 9 mm, ija yodzilowetsera yokha chipolopolo china ikangowomba. Anasolola kabokosi ka zipolopolo n'kukaika patebulo, nati: "Nayo, Injiniya. Yopanda kanthu ngati mutu wa bambo akowa."

Bambo anga anaseka. Ine sindinailandire. Ndinati: "Bambo, kokani chitsulo chapamwambacho kaye tione m'kati. Chimodzi chimatsalira."

Anati: "Rigo, wamva? Unagulitsa ng'ombe zisanu ndi imodzi kuti mwana akaphunzire kundiphunzitsa ine mfuti? Ndayenda nayo m'chiuno zaka makumi atatu, mwanayu asanaganiziridwe n'komwe."

Ndinati: "Ndiye kukoka kamodzi sikukutherani chaka china."

Bambo anga anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinabwerezanso pempho langa. Don Eleuterio anati: "Ona, mwana wa sukulu iwe." Analozetsa mfutiyo pansi ali chikhalire n'kuikhethemula. Inalira. Chipolopolo chinalowa pamwamba pa nsapato yawo ya kumanzere n'kuboola simenti ya pakhonde. Ine ndinali pa mtunda wa mita imodzi. Pabwalo ndi kumpanda kunalibe munthu wina aliyense.

Bambo anga anaimirira n'kumangoitana dzina la Mulungu. Ine ndinatenga mfutiyo, ndinakoka chapamwamba chija kawiri, ndinaona kuti tsopano mulibedi kanthu, n'kuiika patebulo. Ndinadula nsapatoyo ndi mpeni wanga wa ntchito. Ndinamanga balalo ndi nsalu yoyera yosefera tchizi imene doña Chabela anabweretsa. Tinawanyamulira m'galimoto yawo ndipo ndinayendetsa ndine. Chipatala chili pa makilomita 18, tinafika 10:40. Dokotala anafunsa amene anamanga balalo. Ndinati ndine.

Tili m'njira don Eleuterio anati: "Mukanene kuti wina waombera kumpanda. Ine sindingakhale choseketsa cha Jutiapa yense." Ine ndinapitiriza kuyendetsa galimoto. Kuchipatala anauza wapolisi zomwezo, ine ndili kokagula mankhwala.

Lamulungu pa 10 Marichi, cha m'ma 3 koloko masana, ndinamva kuti apolisi agwira a Baudilio Cermeño, oyandikana munda ndi don Eleuterio. Awiriwa anakanganapo za ngalande ya madzi mu Januwale, ndipo wina anawaona a Baudilio akudutsa mumsewu ndi chikwanje Loweruka m'mawa. A Baudilio pamalopo panalibe. Mfuti alibe. Ali m'chitolokosi cha pano papolisi kuyambira dzulo pa mlandu wofuna kupha munthu.

Ndinauza bambo anga kuti ndipita kupolisi. Anati: "Khala pansi, mwana iwe. Amutulutsa okha akaona kuti palibe umboni. Ndipo kalata yako yofunsira ntchito ku bungwe ili m'manja mwa ndani?" Ndinati ndikudziwa mwini manjawo. Anati: "Anakunyamula pa ubatizo munthu ameneyo." Ndinati a Baudilio nawonso ali ndi ana anayi ofunika kuwanyamula.

Lero Lolemba, 8 koloko m'mawa, ndinapita kwa don Eleuterio, amene anatuluka m'chipatala dzulo. Ndinawapeza pa mpando, phazi lili pa pilo. Ndinawauza kuti ndikuwapatsa mpaka 12 koloko kuti aimbire apolisi okha, anene ndi pakamwa pawo. Anati: "Iwe ukundipatsa nthawi ine? Pita ukanene. Tione ngati angamvere kamtsikana kobaya ng'ombe jakisoni. Ndipo za ntchito ija uiwale." Ndinati chabwino. Mfuti ija inali patebulo pomwepo. Ndinawauza kuti sindigulanso.

Ndinadikira pa njinga yanga kunja kwa chipata maola anayi. Sanaimbe. Itakwana 12 koloko, doña Chabela anatuluka ndi thumba la pepala n'kundipatsa. Munali nsapato ija. Anati: "Anandituma kuti ndikaiponye m'chimbudzi. Zaka makumi atatu ndakhala ndikumuuza za chinthu chimenechi. Pita, mwanawe, usathamange pamsewu."

Ndinafika pano 12:25. Nsapatoyo ndaipereka kwa wapolisi amene akulemba umboniwu. Ili ndi bowo pamwamba ndi lina pansi, molunjikana. Wowombera kumpanda, pa mamita 25, sangaboole nsapato chotero. Dzenje la pakhonde lilipobe, aliphimba ndi mphika wa maluwa. Ndili wokonzeka kukakulozerani lero lomwe, ndiponso kubwereza mawu awa m'khoti don Eleuterio ali pomwepo.

Ndisanalowe muno ndinaimbira foni akazi a Baudilio. Ndinawauza kuti abwere ndi malaya ochapa, amuna awo asatuluke ndi omwe agona nawo. Mayiwo ali panja pa benchi.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi, ndipo andiwerengera ndavomereza.

Wosaina: Yesenia Marroquín Sandoval
Lolemba, 11 Marichi 2024